Diresi Lopanda Zipi

"Azanyengowa amalipidwa kuti azinama eti?" adadandaula Merle ataima m'mphepete mwa dambo lomwe dzulo lake lidali malo oimikapo magalimoto. "Anati kuwala dzuwa tsiku lonse. Dzuwa lake ndi limeneli?"

Mvula idayamba m'bandakucha. Sidali yaukali ayi, idali ija yamvumbi, yongowaza osaleka, yobwera ndi kamphepo kochokera kunyanja kolowa mpaka m'mafupa, chonsecho mwezi udali wa Ogasiti. Kutsogolo kwake, m'munsi mwa linga lakale la tauni yawo kumpoto kwa Jeremani, matenti a msika wa makedzana adali atalemedwa ndi madzi, mbendera zili lende. Chaka chilichonse tauniyo inkabwerera m'mbuyo zaka mazana asanu kwa masiku awiri, aliyense, kuyambira wophika buledi mpaka wosula mipeni, atavala za nthawi imeneyo. Chaka chimenechi idabwerera m'mbuyo n'kukagwera m'matope.

Merle Harms adali ndi zaka khumi ndi zisanu. Adakweza chikwama chachitali m'mwamba ndi manja onse awiri ngati munthu wowoloka mtsinje wodzaza. M'mbuyo mwake munkabwera Wiebke Brodersen, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, atavala majombo achikasu, akutafuna banzi la tchizi mosatekeseka.

"Tadutsa, iwe," adatero Wiebke kukamwa kuli tho. "Ndi matope chabe, saluma."

"Akangokhudza diresili, woluma ndikhala ine."

M'chikwamamo mudali diresi la mkwatibwi. Gulu lawo la kusukulu, lovina magule akale motsogozedwa ndi Mayi Oltmanns, mphunzitsi wa mbiri, lidakonza zoonetsa masana a tsikulo gule wa ukwati wa mwana wamkazi wa mwini linga. Gulu lomwe oweruza aliona kuti lavala molondola kuposa onse ndi lomwe linkatsogolera mdipiti wa chaka chotsatira. Chaka chapitacho iwo adagonja chifukwa cha zipi imodzi yokha yomwe woweruza wina adaitulukira kumsana kwa diresi. Merle sadaiwale manyazi amenewo. Nyengo yonse yachisanu, anzake akuonera mafilimu, iye adali pa singano, kusoka ndi manja makatani obiriwira a veleveti omwe amayi ake adagula pa hotela ina itatsekedwa. Pachifuwa adasokererapo mikanda yoyera umodziumodzi mpaka idapanga duwa. Zala zidabooka, maso adafiira, koma diresi lidatuluka loti ungaliyang'ane mpaka kupunthwa.

Tsoka lake, pomwe iye ankasoka, thupi lake nalo silidagone. Pofika tsiku loyesa, mapewa adakana kulowa. Merle adalira mpaka maso kutupa, kenaka adalipereka kwa Wiebke, yemwe adali wocheperako thupi ndipo adalowa m'gululo chifukwa chongomva kuti ovina amapatsidwa makeke aulere.

M'tenti yovalira munkazizira ngati m'firiji. Wiebke atavula juzi, Merle adaona kuti mkati wavala zakuda zothina, zija amavala othamanga m'nyengo yachisanu, kuyambira m'khosi mpaka m'akakolo.

"N'chiyani chimenechi?"

"Moyo wanga," adayankha Wiebke mano akugundana. "Sindivula."

"Zaka mazana asanu zapitazo kunalibe zimenezi."

"N'chifukwa chake onse anafa."

Merle adapumira m'mwamba. "Chabwino. Bola zisaoneke."

Adayamba kumuveka. Choyamba malaya aatali a bafuta. Kenaka mapitikoti awiri a ubweya wa nkhosa kuti diresi lifufume bwino. Pamwamba pake diresi lenilenilo, lolemera ngati bulangeti lonyowa, lomwe kumsana ndi m'nthiti lidalimbitsidwa ndi timabango tosokerera mkati. Lidalibe zipi. Linkamangidwa ndi chingwe kumsana, koma chifukwa cha zovala zowonjezera zija mbali ziwirizo zidakana kukumana. Merle adatsamiritsa bondo pamsana pa mnzake n'kukoka ndi mphamvu zonse. Kudamveka kuti kwee! Timabowo todutsamo chingwe tidang'ambika motsatizana.

"Mayo ine! Waona zomwe wachita ndi zothina zakozi?"

"Ine? Wokoka ndine?"

Merle adatulutsa singano ndi ulusi wolimba m'thumba n'kuyamba kusokera mbali ziwirizo pamodzi, Wiebke ali momwemo. Adasoka mothinanitsa, kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi, monga ankasokera zinthu zake zonse.

"Ndiye ndituluka bwanji muno?" adafunsa Wiebke.

"Ukavina ndikumasula. Akazi olemera a nthawi imeneyo ankawasokera chomwechi. Oweruza akaona akondwa."

"Ine ndiye sindinakondwe."

"Leka kupuma kwambiri, ukundisokoneza."

Atatuluka adapeza Thilo akuwadikira. Adali mnyamata wamtali wa m'kalasi mwawo, yemwe ankavina ngati mkwati. Kumutu adavala chipewa cha nthenga, m'manja muli ambulera yofiira yolembedwa dzina la sitolo ya mankhwala.

"Thilo! Ambulera imeneyo ndi yachiyani?"

"Ndi ya mvula, Merle. Imagwa kuchokera kumwamba, mwina waionako."

"Ndi wotchi pamkono! Ndi nsapato zothamangira! Koma anthu inu mukufuna mundiphe ndi mtima?"

"Zachikopa zija zamira pafupi ndi ogulitsa masoseji. Ukazipeza uzipatse moni."

Merle adamulanda ambulerayo n'kuiponya pansi pa tebulo. M'mawa wonse udatha choncho. Adakalipira kamtsikana kena kobisa foni m'mkono wa malaya. Adakangana ndi oimba zitoliro omwe adafunda mapepala apulasitiki. Adamufunditsa Wiebke chofunda chaubweya kuti veleveti isanyowe, n'kumayenda m'mbuyo mwake atanyamula mpendero wa diresi, akunyoza mitambo, matope, agalu a eni ndi ana othamangathamanga.

Amayi ake a Merle ankagulitsa supu wa nsawawa pa tenti ina chapafupi. Ataona atsikanawo akudutsa adawaitana n'kuwathirira tiyi wotentha.

"Merle, wamuveka zingati mwanayu? Akuyenda ngati kabati. Mphepoyi ikangotembenuka kutentha, ukudziwa."

"Mama, inu yang'anani za supu. Za diresi ndisiyireni."

"Pakamwa pakopo," adatero amayiwo akupukusa mutu, n'kutembenukira kwa ogula.

Wiebke atangoti akweze kapu, Merle adaigwira.

"Usamwe."

"Bwanjinso?"

Merle adaloza ndi mlomo kuseri kwa matenti, komwe kudandanda zimbudzi zapulasitiki, zopanikiza ngati mabokosi, pakhomo pake pali matope ofika m'akakolo. "Ukamwa ufuna kulowa mmenemo. Diresili sililowamo, ndipo ngakhale litalowa, silitulukamo lili chomwechi. Upirire mpaka tivine."

"Ndisamwe, ndisapume, ndisakhale pansi. Kukwatiwa n'kowawa eti?"

Komabe adaisiya kapuyo. Wiebke adali wolongolola koma wofewa mtima, ndipo ankadziwa mmene mnzakeyo adalivutikira diresilo.

Chakumasana mphepo idangoti zii. Mitambo idang'ambika, dzuwa n'kutuluka lonse nthawi imodzi ngati lakwiya kuti adalitsekera. Anthu adakuwa mokondwa, koma chimwemwecho sichidakhalitse. Nthaka yonyowa ija idayamba kufuka nthunzi, mkati mwa makoma a linga mudadzaza chitungu, ndipo zovala zaubweya zitayamba kuumira pamatupi, msika wonse udanunkha ngati khola la nkhosa. Asilikali ovala zachitsulo adavula zisoti n'kukhala pansi pa ngolo akudzithira madzi m'khosi. Wogulitsa zofunda, yemwe m'mawa anthu ankalimbirana katundu wake, adangokhala tsonga akuingitsa ntchentche.

"Tsopano dzuwa!" adatero Merle akukukuta mano. "Linali kuti pomwe tinkalifuna?"

Iyeyo adavala ngati wantchito wa mkwatibwi, malaya a bafuta ndi siketi imodzi yopepuka, kotero kutenthako kudangomutulutsa thukuta pang'ono. Chomwe chidamuwotcha mtima n'choti gulu lonse lidayamba kudzisenda zovala. Adamupeza Thilo atakhala pampanda, jekete yake yokhuthala ataikoleka mumtengo, atatsala ndi malaya a timu ya mpira, akunyambita ayisikirimu.

"Vala!"

"Ndivala nthawi ikakwana."

"Oweruza akuyendayenda m'chigulu cha anthumu, sukudziwa?"

"Ndiye ukawauze kuti mkwati akusungunuka. Ndipotu ukamuone mkazi wanga uko, nkhope yafanana ndi phwetekere."

Wiebke adali ataima pansi pa mtengo pafupi ndi chitsime chakale. Chofunda adali atachitaya kale, koma kukhala pansi sakadatha chifukwa cha timabango tija. Anthu adamuzungulira akumujambula, ana akufunsa ngati ndi mfumukazi yeniyeni. Ankamwetulira ndithu, koma thukuta linkatsika m'masaya n'kumalowa m'khosi mwa diresi.

"Merle, ndimasule," adanong'ona mnzakeyo atafika. "Ndikupsa ngati mbatatesi m'uvuni. Ndingovula zamkatizi basi, undisokerenso."

"Nthawi yake ilipo? Waiwala mmene ndavutikira m'mawa muja? Kwatsala pang'ono."

"Madzi ndiye."

Mayi wina mwa ojambula aja adamva, natulutsa botolo lapulasitiki m'chikwama chake. "Imwa, mwanawe, lonseli ndi lako." Wiebke adalilandira ndi manja awiri. Adangomeza kamodzi, Merle n'kuona zipewa zitatu zazitali zikubwera chakumeneko. Adali oweruza. Adatsomphola botolo lija n'kuliponya m'dengu la udzu lomwe lidali kuseri kwa mtengo.

Oweruzawo adamuzungulira Wiebke mwakachetechete. Wamkulu wawo, bambo wa ndevu zoyera, adawerama n'kutembenuza mpendero, adayendetsa chala pa msoko wa kumsana, kenaka adakweza nsidze.

"Wasoka ndani?"

"Ndine, bambo. Ndi manja, lonseli."

"Mpaka kumusokera momwemo. Ha! Zimenezi ndimangoziwerenga m'mabuku."

Oweruzawo atachoka, Merle adalumpha ngati kamwana. "Wamva? Wamva, Wiebke? Tapambana kale!" Za botolo adaziiwaliratu.

Posakhalitsa Mayi Oltmanns adadutsa mothamanga atakumbatira ng'oma yomwe chikumba chake chidalefuka ndi mvula, akufunafuna moto woti aiwambe. Tsitsi lawo lidali litamatirira pamphumi. "Aliyense amwe madzi, mwamva? Sindikufuna wina andigwere pansanja. Merle, mkwatibwi wakoyo wamwa?"

Wiebke adatsegula pakamwa, koma Merle adamutsina pamkono.

"Wamwa, Mayi. Botolo lathunthu."

"Mwachita bwino," adatero mphunzitsiyo, n'kupitirira ndi ng'oma yawo.

Wiebke adamuyang'ana mnzakeyo nthawi yaitali. "Mutu ukundiwawa, Merle. Ndikuona timadontho takuda."

"Usayang'ane kudzuwa."

"Kodi iwe ndiwe mnzanga kapena mnzake wa diresili?"

Mawuwo adamulasa Merle, koma m'malo mochita manyazi adapsa mtima. "Ine ndasoka nyengo yonse yachisanu, zala zonsezi mabala okhaokha. Thilo akuchita zachibwana, oimba afunda mapepala, aliyense akungofuna kuononga. Iwenso, mnzanga weniweni, ukulephera kupirira masana amodzi okha? Chavuta n'chiyani ndi anthu inu?"

Wiebke sadayankhe. Sadalongolole, sadaseke, sadapemphenso kanthu. Aliyense womudziwa Wiebke akadachita mantha ndi kukhala chete kumeneko. Merle adangoti mnzakeyo wamvetsa tsopano.

Lipenga lidalira. Nsanja idali pakati pa bwalo, popanda ndi kamthunzi komwe, matabwa ake otentha ngati chiwaya. Anthu adadzaza mbali zonse. Zitoliro zidayamba, ng'oma idayankha, ovina adalowa awiriawiri, ndipo pomalizira Thilo, atavala zonse bwinobwino, adalowetsa mkwatibwi. Veleveti idawala padzuwa, mikanda ili phethiphethi. Anthu adachita kuti, "Aaa!" Merle, akuvina m'mbuyo mwa mkwatibwi, adamva mtima ukufufuma.

Guleyo ankayamba pang'onopang'ono: kuponda, kuima, kuwerama. Merle adaona kuti Wiebke wachedwa kuwerama. Kenaka adatembenukira kolakwika. "Kumanzere!" Merle adanong'ona mwaukali. Ng'oma idafulumira, nthawi yozungulira idakwana. Wiebke adazungulira kamodzi, nkhope itatuwa ngati phulusa, milomo itauma gwa. Pozungulira kachiwiri mawondo adapinda. Thilo adamugwira mkono, koma kulemera kwa diresi kudamugonjetsa, ndipo onse awiri adagwera pamatabwa kuti khu!

Anthu adaomba m'manja. Ankayesa ndi mbali ya sewero.

"Siyani!" adakuwa Thilo, mawu atasinthiratu. "Siyani kuomba m'manja! Sakudzuka!"

Zitoliro zidaleka chimodzichimodzi. Mayi wina wopereka chithandizo choyamba, wovala jekete yofiira, adakwera pansanja ndi chikwama chake. Iyeyo, Thilo ndi Mayi Oltmanns adamunyamulira Wiebke kuseri kwa nsanja komwe kudali mthunzi. Mayiyo adamugwira pakhosi ndi pamphumi, n'kumvetsera mpweya wake womwe unkatuluka pang'onopang'ono ngati wa kambalame.

"Watenthedwa kwambiri. Muvuleni chinthuchi msanga. Zipi ili kuti?"

"Lilibe zipi," adatero Merle.

"Chingwe?"

"Ndinamusokera momwemo."

Mayiyo adamuyang'ana ngati sadamve bwino. "Unatani?"

"Dikirani, ndimasula, sindichedwa." Merle adagwada, natulutsa singano kuti atokose msoko. Koma msoko womwe woweruza adauyamikira uja udali wothinana, wonyowa ndi thukuta, wosalola ngakhale nsonga ya singano.

"Choka apo!" Mayiyo adasolola sizasi n'kuyesa kudula kumsana. Sizasi idaluma bango n'kuima. Adayesa m'nthiti, chimodzimodzi. "Mwamangamo mpanda muno? Mtsikana iwe, wosoka ndiwe. Ndidule pati?"

Merle ankadziwa. Malo opanda bango adali amodzi okha, kutsogolo, pakati penipeni, pomwe padali duwa la mikanda. Adaliyang'ana duwalo. Adayang'ana nkhope ya Wiebke, maso atatsekeka pang'ono, choyera chokha chikuoneka.

"Bweretsani," adatero.

Adalowetsa sizasi m'khosi mwa diresi n'kudula kutsika. Veleveti idalira. Mikanda idathothoka n'kumwazika paudzu, ina kugubudukira pansi pa nsanja. Adadula mpaka m'chiuno, adadula zingwe za mapitikoti, bafuta adang'amba ndi manja. Zitaonekera zakuda zothina zija, zonyowa ngati zangotuluka m'beseni, mayi wa jekete yofiira adagwira kumutu.

"Koma ana inu! Ndi dzuwa limeneli? Dula nazonso."

Adamuphimba ndi nsalu yopepuka, adamukweza miyendo, adamuika tinsalu tonyowa m'khosi ndi m'khwapa. Thilo, nkhope atatembenuzira kumbali, ankakupiza ndi chipewa chake mpaka nthenga zidathothoka. Patapita nthawi yomwe kwa Merle idakhala ngati chaka, chifuwa cha Wiebke chidakwera. Adakoka mpweya wambiri, natsegula maso.

"Tamaliza kuvina?" adafunsa, mawu ali pansipansi.

Merle adayamba kulira.

Adamutengera Wiebke ku tenti ya achipatala, komwe ankamumwetsa madzi pang'onopang'ono. Bambo Brodersen, abambo ake a Wiebke, adalowa ali wefuwefu. Adali m'chigulu muja akujambula ndi foni, ndipo nawonso adaomba m'manja mwana wawo atagwa. Chimenechi ndicho chinkawapweteka kwambiri. Ataona kuti mwanayo akulankhula, mantha awo adasanduka ukali, ndipo ukaliwo udagwera Mayi Oltmanns.

"Ndakupatsani mwana wabwinobwino m'mawa uno, Mayi Oltmanns. Munthu wamkulu ngati inu, kumusiya mwana padzuwa atakulungidwa ngati katundu, osamwa kanthu tsiku lonse? Lolemba ndili kwa ahedi. Gulu limeneli litsekedwe basi, lisanaphe munthu."

"Mukunena zoona, Bambo Brodersen," adatero mphunzitsiyo motsitsa mawu. "Ndinayenera kuonetsetsa ndekha. Ine ndinangofunsa n'kupitirira."

Sadatchule yemwe adamufunsa. Wiebke naye adangoyang'ana kudenga kwa tenti, pakamwa ali chitsekere. Merle adaima pakona atakumbatira zotsala za diresi. Akadangokhala chete, palibe akadamuloza chala. Panja lipenga lidalira, wina akulengeza gulu lopambana, koma dzina lake Merle sadalimve n'komwe.

"Si iwowo," adatero. Mawu adatuluka ang'onoang'ono, ndiye adabwereza. "Si Mayi Oltmanns, Bambo Brodersen. Ndine. Ndinamusokera ndine. Tiyi ndinamuletsa, madzi ndinamulanda. Anandipempha kuti ndimumasule, ndinakana. Mayi atafunsa, ndinanama kuti wamwa botolo lathunthu."

Bambo Brodersen adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, Merle? Iwe wakulira pa tebulo lathu lomwe? Chifukwa cha makatani?"

Merle adawerama. Kukalipiridwa kukadakhala bwino kusiyana ndi funso limenelo.

"Tikambirana Lolemba, iwe, ine ndi amayi ako," adatero Mayi Oltmanns. "Mawa suvina, ndipo suvekanso munthu aliyense m'gulu langa mpaka ine nditanena."

"Chabwino, Mayi."

Mayi wa jekete yofiira adalangiza kuti Wiebke akaonedwe ndi dokotala. Bambo Brodersen adabweretsa galimoto mpaka pakhomo pa tenti, namunyamula mwana wawo kukamukhazika kumpando wakumbuyo. Kumadzulo mitambo yakuda idali itayambanso kusonkhana, amalonda akuthamangira kuphimba katundu wawo. Merle adasiya diresi pampando n'kutsatira.

"Ndipite nawo, chonde. Ndizimugwirira kansalu konyowaka pakhosi."

"Ayi. Wamugwira mokwanira lero," adatero Bambo Brodersen akutseka chitseko.

Merle adabwerera m'mbuyo. Kenaka galasi la galimoto lidatsika pang'onopang'ono.

"Papa, musiyeni akwere."

"Wiebke, mtsikana ameneyu…"

"Ndikudziwa zomwe wachita, ndinalipo. Musiyeni akwere. Ndili ndi mawu ambiri oti ndimuuze, ndipo ndikadikira mpaka Lolemba ena ndiiwala."

Bamboyo adaima kanthawi atagwira m'chiuno. Kenaka adapukusa mutu n'kutsegula chitseko.

"Usaganize kuti ndakukhululukira," adatero Wiebke, Merle atakhala pambali pake.

"Sindikuganiza choncho."

"Kansaluko ika apa. Ayi, apa. Kafunda kale, kanyowetsenso. Eya. Tsopano tchera khutu."

Wiebke adayamba kulankhula galimoto isadatuluke n'komwe pachipata cha linga. Adayambira pa za m'mawa, mawu ali osasa, akumaima kuti amwe madzi n'kupitiriza pomwe adalekezera. Pofika kuchipatala adali asadafike pa zomwe zidachitika masana. Merle adagwira kansalu pakhosi pa mnzakeyo njira yonse, dzanja mpaka kuchita dzanzi, akumvetsera, osayankha ngakhale liwu limodzi.